Geji ya pa Ruo ndi Phiri la Pansi pa Nyanja

Mudzi wa Nyathando,
Makhanga, Nsanje
4 Novembala 2018

Wokondedwa mwana wanga Scholastica,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Leicester kwanuko. Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa lakwiya, moti nkhuku zikuyenda zitayasamula kukamwa. Mkulu wako Dorica wabwera kuchokera kwa Muona kudzandiona, ndiye ndati ndilembe msanga kuti ajambule pafoni yake akutumizire monga mwa nthawi zonse.

Manambala a mwezi wa Okutobala ali patsamba lachiwiri. Ruo watsika mpaka masentimita 42 pageji yathu yoyezera madzi, ya pachipilala cha njanji yakale. Sindinadumphe tsiku ngakhale limodzi, 6 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana. Nambala ya pa 17 ndailemba ndi pensulo yofiira chifukwa ng'ombe za eni ake zinkasambira pafupi ndi chipilala n'kumagwedeza madzi. Ukawauze mabwana ako a kuyunivesite kuti imeneyo asaikhulupirire kwambiri.

Tsopano ndifunse zanga. Unati makina anu ali paphiri la pansi pa nyanja, ndipo akhala kumeneko chaka ndi miyezi. Ndakhala ndikuliganizira phiri limeneli. Kodi phiri loti silinaonepo dzuwa limaoneka bwanji? Lili ndi zigwa ngati Mulanje? Ine zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinawerengera boma madzi a mtsinje uno, ndipo ndinkayesa kuti akangolowa mu Shire ndiye kuti nkhani yawo yatha. Unanditsegula maso ndiwe, kuti amapitirira mpaka ku Zambezi, kulowa m'nyanja, kuzungulira kunsi kwa Africa, n'kukakwera phiri lakolo. Chimvereni zimenezo, ndikaima pageji ndimakhala ngati ndikuperekeza alendo opita kwa mwana wanga.

Dorica wayambanso nyimbo yake yoti ndisamukire kumtunda. Ndamuuza kuti munthu wa pantchito sasamuka mwachisawawa. Ukapeza wobwera kuno unditumizire mapensulo olimba aja, a kuno akungothyoka.

Ndine bambo wako,
Gracian Fatchi


Leicester
18 Novembala 2018

Okondedwa bambo,

Landirani moni wa kuno kozizira. Manambala onse ndawaona, ndipo ya pa 17 ndaiika chizindikiro monga mwanenera. Mwendo wanu wovuta uja mukuupeza bwanji? A Dorica sanena kanthu, ndiye ndikufunsa eni ake.

Mwafunsa za phiri. Muyambe mwaseka kaye. Mzinda uno uli pakatikati pa dziko, nyanja ili kutali mbali zonse. Ine wophunzira za nyanja ndimadzuka m'mawa, kukwera sitima ya pamtunda kupita ku Loughborough, n'kukakhala m'chipinda chomwe zenera lake limayang'ana poimika magalimoto. Phirilo nanenso sindinalionepo. Timalidziwa ndi phokoso: sitima ya pamadzi imatumiza kulira pansi, kulirako kumagunda mwala n'kubwerera, ndiye tikajambula mapu.

Ndi mtandadza wautali wa mapiri wodutsa pakati pa nyanja ya Atlantic, ngati msana wa ng'ombe yogona. Pamene pali makina athu, nsonga yake ili pansi makilomita awiri. Kulibe kuwala, kulibe mvula, kulibe mphepo. Koma chilipo choti chikusangalatseni. Kawiri patsiku mwezi umakoka nyanja yonse, madzi n'kukwera phirilo kuchokera mbali imodzi, kenako n'kubwerera. Akamawoloka msanawo amapanga mafunde m'kati mwa madzi momwemo, ena otalika kuposa milambe isanu yosanjikizana, oyenda pang'onopang'ono ngati anthu operekeza mkwati. Inu mutadutsa pamwamba pabwato simungadziwe kuti pansi panu pakuchitika zimenezi.

Makinawo anawamangirira pachingwe chachitsulo choimirira m'madzi. Kunsi kwake kuli mawilo akale a sitima, ndiwo nangula. Kumwamba kwake kuli mipira yoyandama yomwe imachikoka kuti chisagwe. Mphindi khumi zilizonse makina amalemba liwiro la madzi ndi kumene akulowera, ali okhaokha mumdimamo, popanda wowauza kuti mwagwira ntchito. Mu Febuluwale sitima ikupita kukawatenga, ndipo dzina langa lili pamndandanda wa opita.

Amene amakonza makinawa ndi a Munaf, Mmwenye wobadwira ku Limbe yemwe anabwera kuno ali ndi zaka khumi. Chichewa chawo ndi cha m'sitolo ya bambo awo. Ndikalowa amati, "Dona, lowani, katundu watsopano wafika." Ndinawaonetsa kalembedwe kanu, anati dzanja lotere masiku ano kulibenso.

Mapensulo ndapatsira mayi wina, namwino wa kuno, akubwera ku Blantyre pa Khirisimasi.

Ndine mwana wanu,
Scholastica


Kwa Muona
9 Disembala 2018

Sikola mng'ono wanga,

Moni. Ife tili bwino, ana ali bwino, alamu ako akupereka moni. Kalata iyi ndi yanga, si ya bambo, ndipo asaidziwe.

Ya phiri ija ndinakaisindikiza kusitolo ya pa Fatima n'kuwapititsira. Aiwerenga mpaka pepala lafewa ngati kansalu. Aliyense wodutsa akumuimitsa: "Kodi mukudziwa kuti pansi pa nyanja pali mafunde operekeza mkwati?" Anthu akungoyang'anana kuti nkhalamba yayambapo.

Tsono tamvera. Iwe ndi ine tikudziwa kuti manambala aja palibe bwana amawafuna. Amachoka m'foni mwanga, kulowa m'foni mwako, ulendo wathera pomwepo. Bambo anapuma ntchito 2014, ndipo madzi a Ruo amawerenga ndi kabokosi kamene anakaika pamlatho wa kumtunda. Unawanamiza pochoka kuti yunivesite yako ikuwadalira, ine n'kukhala chete chifukwa ndinaona kuti bodzalo lawadzutsa. Koma mankhwala ukapitiriza muyezo amapha.

Chichitikireni madzi a 2015 aja, Ruo sakhazikikanso. Chaka chilichonse akudya gombe kulowera kunyumba kwa bambo. Mango uja tinkakwera uja wagwera m'madzi mwezi watha. Mabanja asanu ndi awiri asamukira kumtunda. Ine kwanga kuno chipinda ndinawakonzera kalekale, mukungogona matumba a chimanga. Ndikawauza za kusamuka akuti, "Dorica, ukufuna yunivesite ya ku Ulaya ilandire buku lodumphadumpha?" Ndiwayankhe chiyani ine wolekeza Fomu 2?

Ku Mulanje mvula yayamba. Moto unayatsa ndiwe, uzimitsenso ndiwe. Ndiyankhe msanga, ndipo usandilembere za mafunde.

Mkulu wako,
Dorica


Leicester
16 Disembala 2018

Achemwali,

Moni, ndipo landiranitu mafuno a Khirisimasi poti masabata akubwerawa ndikhala bize ndi ma training a pasitima. Ana akhoza bwanji mayeso?

Kalata yanu ndinaiwerengera mu train, moti ndinapitirira siteshoni yanga n'kukadzidzimukira ku Nottingham. Simunaname. Koma mukumbukire mmene analili bambo 2016. Amayi atamwalira, ntchito itatha, ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osameta, tiyi akuzizira m'kapu. Tsiku lomwe ndinkatsanzika anandifunsa kuti, "Kodi kumene ukupitako madzi amawerenga ndani?" Pakamwa panga panangotuluka kuti tikusowa munthu wa ku Ruo. M'mawa mwake tinawapeza pachipilala akupenta manambala a geji, akuimba. Munali pomwepo, ndipo amene munalira ndinu.

Ndikuopa, achemwali. Ndikawauza zoona ndiye kuti ndawauza kuti zaka ziwiri ndi theka akhala akudzukira pachabe. Munthu akhoza kupulumuka madzi n'kukafera pakhonde panu.

Ndipatseni mpata ndiyese njira ina. Ndiwalembera kuti data yakwana, project yatsekedwa, ndipo mabwana akuthokoza. Akamva choncho asamuka ndi ulemu wawo wonse. Ndinawafotokozera a Munaf nzeru imeneyi, poti kuno ndilibe wina womva Chichewa masana. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza kumanga mabawuti awo. Sindinawafunse kuti akutanthauza chiyani.

Ndine mng'ono wanu,
Sikola


Leicester
6 Januwale 2019

Okondedwa bambo,

Moni wa chaka chatsopano. Mapensulo afika? Mvula ikugwa bwanji?

Ndili ndi nkhani yabwino. Mabwana anga akhala pansi n'kuona kuti manambala a Ruo amene mwatumiza akwana pa ntchito yomwe tinkafuna. Akuti mwagwira ntchito yotamandika, ndipo tsopano mupumule. A Disembala akhale omaliza. Choncho palibenso chokuletsani kupita kwa a Dorica mvula isanakule. Ndikhala wokondwa kukwera sitima ndikudziwa kuti muli kumtunda.

Mwana wanu,
Scholastica


Mudzi wa Nyathando
20 Januwale 2019

Wokondedwa mwana wanga Scholastica,

Moni. Mapensulo ndalandira, takhuta, monga timathokozera kuno. Ndi omwewa ndikulemberawa. Iwe ukudya mokwanira? Pachithunzi chomwe anandionetsa Dorica khosi lako latalika.

Mabwana ako ndi anthu aulemu, koma pa nkhani ya mitsinje ndi ana. Buku la madzi salitseka mu Januwale. Kulitseka tsopano kuli ngati kutuluka m'tchalitchi wansembe asanadalitse. Madzi enieni a Ruo amabwera mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo ngati pali madzi amene angafike ndi mphamvu paphiri lako, ndi amenewo. Iwe wemwe unandilembera chaka chatha kuti makina akaphonya sabata imodzi, chaka chonse chimalemala. Ndiye ukawauze kuti Fatchi wathokoza, koma awawonjezera miyezi itatu yaulere. Malichi akatha ndidzamvera Dorica.

Lachinayi masana ndinatsamira chipilala kudikira 4 koloko, tulo n'kundiba. Ndinalota ndikuyenda paphiri lako lija. Kunali mdima koma ndinkaona, monga zimakhalira kumaloto. Pansi panali pofewa ngati phulusa. Madzi ankadutsa pamwamba panga ngati mitambo, ndipo ndinkawazindikira onse. Awa ndi a Malichi 1989, odzitukumula, onyamula nthochi za anthu. Awa ndi a chilala cha 1992, ochepa, oyenda mwamanyazi m'mbali mwa anzawo. Ndinaona chingwe chanu chitaima chilili, mipira yake ikugwedezeka pang'onopang'ono. Amayi ako anali atakhala pawilo la sitima lija akusoka chigamba, ndipo osadzutsa mutu anandifunsa kuti, "Mwabwera nayo pensulo?" Ndinadzidzimuka madzi atandinyowetsa mapazi. Anali pa 188.

Sindinaope. Ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee, ngati munthu wochokera kokacheza kwa abale. Ukakafika pamwamba pa phirilo udzayang'ane pansi kamphindi, ngakhale sudzaona kanthu.

Manambala a theka la Januwale ali kuseri kwa tsambali.

Bambo wako,
Gracian Fatchi


Kwa Muona
10 Febuluwale 2019

Sikola,

Moni, ngati ulipo woti nkupatse. Nzeru zako zija wazionatu. Unafuna kuwachotsa, wawakhomera misomali.

Dzulo ndinali konko. Ndinawoloka madzi ofika m'chiuno pamalo pomwe kale tinkasewera fulaye. Kuchokera pakhomo la bambo kufika pagombe ndinawerenga mapazi makumi atatu ndi anayi. Pa Khirisimasi anali makumi asanu ndi limodzi. Kumene kuli nyumbayo ndi kumene Ruo ankadutsa bambo ali mwana, amanena okha, ndipo madzi saiwala khwawa. M'mudzi monse mwatsala iwo ndi banja limodzi lomwe likudikira kukolola.

Alamu ako anati tikawanyamule mokakamiza. Bambo anangoti, "Mudzanyamule mtembo." Ine ndikhoza kuwauza zoona lero lomwe, koma adzati Dorica ndi nsanje poti sanaphunzire. Angamve kwa iwe wekha.

Wati ukukwera sitima pa 19, ndipo ukakhala kumadziko masabata asanu. Ukachoka osalemba, usadzandifunse kanthu pobwera. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Dorica


Leicester
17 Febuluwale 2019

Okondedwa bambo,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Mukhale pansi powerenga kalatayi. Ndailemba kanayi, ndipo iyi ndi yomwe ilibe zokometsera.

Bambo, ndinakunamizani. Yunivesite sinapemphepo manambala a Ruo. Palibe bwana anawaonapo, palibe anati akwana, palibe anathokoza. Amene waona dzanja lanu kuno ndi a Munaf okha, tsiku limodzi, pa nthawi ya tiyi. Ntchito yathu ya paphiri siigwiritsa ntchito madzi a mtsinje uliwonse. Zoti madzi a kwathu amazungulira Africa n'kulowa mu Atlantic ndi zoona ndithu, koma amayenda zaka zambirimbiri, atasakanikirana ndi ena onse, ndipo palibe makina angaloze kuti awa ndi a Ruo.

Ndinayamba bodzali tsiku lotsanzika chifukwa ndinkaopa kukusiyani pakhonde paja mmene munalili. Nditaona kuti mwadzuka, ndinalephera kulisiya. Mwezi uliwonse ndinkatsegula tsamba lanu, kuwerenga nambala iliyonse, n'kudziwa kuti pa tsiku lakuti bambo anga anadzuka, anavala, anayenda mpaka pachipilala. Amene ankawafuna manambalawo ndine ndekha. Ndinalibe mtima wokuuzani kuti ndi ine chabe, ndiye ndinabwereka dzina la yunivesite.

A Dorica musawakwiyire. Akhala akundikakamiza kuti ndinene.

Palibe amene akudikira manambala a Malichi. Chonde samukani sabata ino. Mundikwiyire mmene mungafunire, ndikuyenera, koma mukandikwiyire muli kwa Muona.

Mawa ndinyamuka kupita kudoko, mkuja tilowa m'nyanja. Pasitima foni sigwira, amangotipatsa mphindi zochepa za intaneti patsiku. Ndikapeza mpata ndizifunsa kwa a Dorica.

Ndine mwana wanu, ngati mukundivomerabe,
Scholastica


Pasitima, m'nyanja ya Atlantic
10 Malichi 2019

Achemwali,

Moni. Muli kuti? Iyi ndi message yachisanu. Zonse zikuonetsa kuti sizinakufikeni. Chomaliza chomwe munandiuza ndi cha pa 22 Febuluwale, kuti kalata mwaisindikiza ndipo mupita nayo Lamlungu. Kuchokera pamenepo zii.

M'mawa uno mnzathu wina wandiitana kuti ndione nkhani pakompyuta. Akuti mvula yagwa masiku anayi osakata, Chikwawa ndi Nsanje zili m'madzi, ku Makhanga kukufikika pa helikopita pokha. Ndinaona chithunzi cha madenga akuoneka nsonga zokha. Ndinachikulitsa mpaka chinangosanduka timabokosi, kufunafuna chipilala chija.

Ntchito sinaime. Tafika pamwamba pa phiri Lachitatu. Nyanja yake ili ngati ina iliyonse, yabuluu, yosalala, palibe chosonyeza kuti pansi pali kanthu. Ndinayang'ana pansi monga anandipempha bambo, ndinangoona nkhope yanga ikugwedezeka. Kuti titenge makina, a Munaf amatsitsa kachipangizo m'madzi n'kutumiza kulira kwa nambala yachinsinsi. Pansipo pali ngowe yomwe ikamva nambala yake imatseguka, chingwe n'kusiya mawilo aja n'kuyamba kukwera chokha. Zikatero tonse timaima m'mbali mwa sitima, aliyense kuyang'ana mbali yake, theka la ola kapena kuposa, osadziwa kuti chitulukira pati. Zingwe zathu zilipo zinayi, ndipo zitatu zatuluka. Mipira yake imabwera itamera tinthu toyera tofewa ngati ndevu, ndipo imanunkha dothi la kumalo komwe munthu sanapondeko.

Chachinayi lero sichinayankhe. A Munaf atumiza nambala kasanu ndi kawiri. Akuti mwina batire yatha, mwina chagona pansi, tiyesanso mawa kuchokera mbali ina. Ine ndinaima pamalo panga ndikuyang'ana madzi mpaka maso anayamba kuona zinthu zomwe palibe. Ndinaona ngati bambo akuyenda pansipo, buku kukhwapa, osafulumira. Abwana athu anaganiza kuti ndikulirira makina, anandigwira paphewa n'kunena kuti zimachitika.

Ngati kalata ija munawapatsa ndipo anakana, ndiuzeni. Ngati simunawapatse, ndiuzeninso, sindikuimbani mlandu. Ndingofuna liwu limodzi.

Sikola


Kwa Muona
19 Malichi 2019

Sikola mng'ono wanga,

Ali moyo. Ndayamba ndi limenelo kuti upume. Ali pano, ndikulemba ndikuwaona. Magetsi anazima tisanabwerere kuchokera kwa bambo, foni n'kutha moto. Kenako netiweki inagwa pamodzi ndi mitengo ya magetsi, ndipo foni ndatchajitsa lero kwa munthu wa sola. Mauthenga ako onse alowa nthawi imodzi. Iwe uli bwanji kumadziko?

Kalata ndinawapatsa Lamlungu pa 24. Unati akhale pansi, koma anaiwerenga ali chiimire pakhomo. Atamaliza anayambiranso. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Iwe unkadziwa?" Ndinati eya. Anati, "Chabwino."

Itakwana 4 koloko anapita kuchipilala, ine ndikuwatsatira chapatali. Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo. Buku sanatenge. M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza amanga kale kamtolo: zovala, chithunzi cha amayi, wailesi. Mabuku onse a manambala anawasanja patebulo. Ndinati ndiwanyamule, anati, "Asiye." Sindinalimbane nawo.

Madzi anabwera pa 8. Nyumba kulibe, Sikola. Sikuti yagwa ayi, kulibe ndi malo ake omwe. Pamene inali pakudutsa Ruo tsopano. Chipilala chinagona. Banja lija linatsala linapulumukira mumtengo masiku awiri, ndipo gogo wawo sanapezeke mpaka lero. Bambo akanakhala konko, 6 koloko ya tsiku limenelo ikanawapeza pagombe ndi pensulo, iwenso ukudziwa.

Tsono zomwe unkaopa zija nazonso zilipo, sindikubisira. Akudya pang'ono. Amakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuyang'ana kumapiri a Thyolo, kumbuyo atalozetsa kumtsinje. Ana akawafunsa za mafunde operekeza mkwati amati, "Kafunseni mayi anu aang'ono." Dzina lako sanalitchule chibwerereni. Ndinawauza kuti wakhala ukulira pasitima, anangoti, "Kodi makina awo awapeza?" Ndinati atatu. Anagwedeza mutu.

Ine sindikudandaula kanthu. Ndimawaona m'mawa uliwonse akutsuka mkamwa kuseri kwa nyumba yanga, ndipo zimenezo zandikwanira. Zinazo mukambirana eni ake.

Mkulu wako,
Dorica


Kwa Muona
14 Epulo 2019

Scholastica,

Moni. Ndamva kuti mwabwerako kunyanja, ndipo chingwe chachinayi chinatsala komweko. Pepani. Makalata ako atatu opepesa Dorica wandipatsa, ndawerenga onse.

Sabata yatha kunabwera anyamata awiri a zamadzi pa njinga yamoto, akufunsa nyumba ya a Fatchi. Kabokosi kawo ka pamlatho kanapita ndi madzi tsiku loyamba lenilenilo. Akuti pa mtsinje wonse wa Ruo palibe amene akudziwa kuti madzi a Malichi anafika pati, ndipo wina anawauza kuti ku Nyathando kuli nkhalamba yomwe siidumpha tsiku. Anabwera ndi buku lawo lotsegula kale. Dorica anawauza kuti manambala a miyezi ya m'mbuyo ali m'foni mwake. Anati amenewo ayi, akufuna a masiku anayi aja basi.

Ndinawauza kuti ndinalibepo. Wamng'onoyo anafunsa kuti, "Munali kuti, bambo?" Ndinati ndinali kumtunda, ana anandisamutsa. Anatseka buku, anamwa madzi, n'kumapita.

Zaka zonsezi ndawerenga mtsinje uwu, munthu sanabwerepo pakhomo panga kudzapempha nambala. Abwera kamodzi, ndipo andipeza manja ali m'thumba. Madzi aakulu kuposa onse amene ndinawaonapo adutsa popanda wowayang'ana. Ndikudziwa chimene unene, Dorica wanena kale kakhumi: ndikanakhala konko bwenzi anyamatawo atapeza manda, mwinanso osawapeza. Ndi zoona. Ndimadziwa kuwerenga madzi, ndikudziwa kuti sindikanathawa. Koma kudziwa zimenezo sikunandichotsere kuwawa.

Chomwe chimandiwawa koposa si yunivesite. Unalemba kuti amene ankawafuna manambalawo unali iwe wekha, ndipo unaona kuti zimenezo n'zochepa, n'chifukwa chake unabwereka dzina la azungu. Mwana wanga, ukanandiuza kuti, "Bambo, ndiwerengereni mtsinje ndizidziwa kuti mwadzuka," ukuganiza kuti ndikanakana? Ndikanawerenga ndi mtima wonse, ndipo tsiku lomwe ukanati basi bwerani kumtunda, ndikanabwera, chifukwa mwini ntchito wanena. Unandiyesa munthu woti angadzukire azungu okha. Pamenepo ndi pomwe sindinakukhululukire.

Usandilemberenso zopepesa, papepala zakwana. Dorica akuti sukulu yanu imapumira mu Ogasiti. Ubwere, ndipo usanyamule mphatso. Ndakwiya nawe, koma ndakwiya ndili moyo, ndipo mkulu wako akuti zimenezo zindikwanire. Ine sindinavomere. Bwera tidzakangane.

Bambo wako,
Gracian Fatchi